Sabata ya mafomu a ku yunivesite

Ndimaphunzitsa Biology pa CDSS ina ku Dedza, koma sabata ino choko sindinachigwire kwenikweni. Ana amene analemba MSCE abwera kudzadzaza mafomu a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ofunsira malo ku mayunivesite a boma, ndipo a hedi anandisiyira ntchitoyi.

Lolemba ndi Lachiwiri tinkangowerengera mapointi. MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo timaphatikiza maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino. Mapointi akachepa mwayi umakula. Katswiri weniweni amapeza 6. Koma popanda credit ya Chingerezi, zonsezo zagwa. Mnyamata wina ali ndi 1 pa masamu, 7 pa Chingerezi. Ndinamuuza mosabisa kuti akalembenso, asataye ndalama pa fomu chaka chino.

Lachitatu ndiye linandilemera. Kunabwera mtsikana wa mapointi 15 ndi amalume ake, amene anagulitsa mbuzi kuti amulipirire fizi. "Aphunzitsi, uyu ndi dokotala wathu, mulembereni KUHeS basi," anatero akumwetulira. KUHeS ndi yunivesite ya zaumoyo. Ndinawaonetsa satifiketi: Chemistry 6, Physics 5. Ku udokotala amayang'anitsitsa maphunziro a sayansi omwewo, ndipo malo ndi ochepa, olimbirana ndi ana a ku masukulu a national ndi a mishoni okhala ndi ma 1 ndi ma 2. Mwanayu ndi wanzeru, ndamuphunzitsa kuyambira Fomu 1. Koma labu yathu ndi kabati imodzi ya mu ofesi, ndipo burette, chipangizo choyezera zamadzimadzi pa Chemistry, anayamba kuigwira mayeso atayandikira. Giredi 6 ija ikunena za sukulu yathu koposa za iye.

Boma litachotsa quota, njira yogawa malo a ku yunivesite potengera boma lochokera mwana, mu 2020 ambiri tinasangalala, chifukwa kumusiya mwana kaamba ka boma lochokera kunali kupweteka. Komabe kunena kuti mapointi okha ndiye chilungamo, ine ndimakana. Mpikisano wake sitiyambira pa mzere umodzi.

Tinakambirana nthawi yaitali. Ndinati, "Bambo, asankhe zimene mtima wake ukufuna poyamba, koma malo enawo tisaike udokotala wokhawokha." Ana ambiri a mapointi abwino amatsala chifukwa chounjikana pa udokotala ndi uinjiniya ku MUBAS, pomwe ku LUANAR, Mzuni ndi MUST kuli maphunziro amene akanawatenga. Amalume anavomera monyinyirika. Mtsikanayo anasankha yekha za kadyedwe ku LUANAR ndi za uphunzitsi wa sayansi ku Mzuni.

Lachinayi netiweki inavuta, tinangokonza mapepala. Lachisanu tinatumiza mafomu onse pa laputopu yanga, kenako ndinalemba kalata yopita ku komiti ya makolo yopempha kuti pa ndalama za chitukuko za teremu ikubwerayi tiguleko maburette ndi mankhwala a mu labu a Fomu 3.