Ma LED 7 anayaka, imodzi n'kuzima

Sabata ino m'kalasi tinafika pa demultiplexer. Pa bolodi zinkaoneka zosavuta: siginolo imalowera khomo limodzi, makomo otulukira ndi ambiri, ndipo mawaya osankhira ndi amene amalamula khomo loti itulukire. Osankhirawo akakhala 2, makomo ndi 4. Akakhala 3, makomo ndi 8, poti waya aliyense amangodziwa 0 kapena 1.

Koma zinandilowa bwino ndili mu taxi, pobwerera ku Turffontein, ku Johannesburg, madzulo. Ndinakumbukira dimba la agogo ku Dedza. Ngalande inali imodzi, mizere inayi. Agogo ankatseka itatu ndi dothi, madzi onse n'kuthamangira mzere wotsalawo. Madzi aja ndiye siginolo, khasu la agogo ndiye mawaya osankhira aja, S1 ndi S0.

M'kati mwa demultiplexer ya makomo 4 mulibe matsenga: muli ma AND gate 4 ndi ma NOT gate 2. AND iliyonse imalandira siginolo ija, kuphatikiza S1 ndi S0, zina zili momwemo, zina zitatembenuzidwa ndi NOT (0 kukhala 1, 1 kukhala 0). Ukaika S1 pa 1, S0 pa 0, AND ya khomo la Y2 yokha ndiyo imatseguka (makomowo ndi Y0 mpaka Y3). Zinazo zimapeza 0 pa mwendo wina, ndipo AND ikangoona 0 imodzi, basi, yakana.

Loweruka ndinati ndiyese ndekha. Ndinagula 74HC138, kachip ka miyendo 16 ndi makomo otulukira 8, n'kukazika pa breadboard (kabolodi koyeserapo mawaya), timagetsi ta LED 8 iliyonse ndi resistor yake kupita ku ground. Ndinkayembekezera kuti iyaka imodzi. Anayaka 7, imene ndinasankhayo ndiyo inazima! Mumtima ndinali nditayamba kale kunyoza wogulitsa uja kuti wandipatsa chakufa.

Achimwene amene ndimakhala nawo, amakonza mawailesi ndi ma TV, anangosuzumira n'kuseka. "Datasheet mwawerenga koma, kapena mwangoona zithunzi?"

Manyazi bwanji. Mu datasheet, pepala lofotokoza za chip, pamwamba pa Y aliyense pali kamzere, kutanthauza kuti khomo losankhidwa limatsika pa 0 (LED yake n'kuzima), ena onse n'kukhala pa 1. Chip chinali bwinobwino. Ndinatembenuza ma LED, mwendo wautali kuloza ku 5V, ndipo inayaka imodzi monga ndinkafunira.

Chimene chinandikoma kwambiri ndi miyendo itatu ya enable, yolola chip kugwira ntchito: iwiri imafuna 0, umodzi umafuna 1. Ukaimangirira choncho, chip chimagwira ngati decoder, kungosonyeza khomo limene wasankha. Ukamasula umodzi mwa iwiri ija n'kulowetsapo siginolo yako, chasanduka demultiplexer, siginolo n'kutulukira pa khomo losankhidwa osatembenuka. Aphunzitsi ananenadi zimenezi, kungoti ine ndinali kalikiliki kukopera truth table.

Lolemba tikuyamba multiplexer, imene imabweza madzi a mizere yambiri m'ngalande imodzi. Breadboard sindinaiphwasule, ili pawindo pafupi ndi ketulo.