Mbedza yanga ku City Deep

Nditangotha sabata ku Joni, achimwene anati andipezera ganyu kudoko. Ine mwana wa ku Monkey Bay, wokula ndikuona Ilala ikukocheza, sitima imene yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951, doko lingandiopse chiyani? Ndinauza alamu kuti mawa asavutike kugula ndiwo.

Usiku womwewo ndinakumba nyongolotsi kuseri kwa nyumba n'kuziika m'chitini. Mbedza ndinali nditabwera nayo kale kuchokera kumudzi, musandifunse chifukwa.

M'mawa tinatsika minibasi ku City Deep. Ndinanunkhiza mpweya kuti ndimve fungo la madzi, koma chinandilandira ndi utsi wa dizilo. Makontena osanjikizana ngati njerwa za pauvuni, malole, njanji, fumbi. Ndinadzilimbitsa mtima kuti nyanja ili kuseriko.

Pageti mlonda anatsegula chikwama changa, n'kuvundukula chitini chija. Analumpha ngati waponda moto! Anayamba kulalata m'Chizulu, anzake n'kuthamangira pomwepo.

"Iwe, izi n'chiyani?" anatero achimwene.

"Nyambo, achimwene. Si munati kudoko?"

Anagwira m'chiuno. "Mphwanga, ili ndi doko louma. Katundu amatsika sitima ku Durban, makilomita pafupifupi 600 kuchokera pano, n'kubwera pa njanji ndi pa malole. Chitsegulireni malo ano mu 1977 sipanapezeke ngakhale kasawala."

Kenaka anayamba kundiphunzitsa pamaso pa alonda, ngati kuti manyazi sanandikwanire. Akuti dzina la City Deep ndi la mgodi wa golide, ndipo Joni yense anayamba mu 1886 chifukwa cha golide, osati madzi. Ngakhale akumwa amachita kuwakoka ku damu la Vaal. Ndiye kuya kumene ndinkayembekezera kunalipodi, koma kwa dzenje. Ndinakumbukira Nsanje, kumene a Bingu anatsegula doko mu 2010: kumeneko madzi alipo, sitima palibe. Kuno katundu mbwee, madzi palibe.

Ganyu ndinagwira, dzina la Kaputeni n'kulandiriratu tsiku lomwelo. Poweruka ndinalowa mumsika waukulu wa pafupi pomwepo, mwaona lonjezo ndi ngongole, koma ndinangopeza kabichi ndi mbatatesi. Nsomba ndinakagula pashopu, zam'firiji, n'kuchotsa pulasitiki panjira.

Alamu anazilandira ndi manja awiri, n'kugogoda imodzi patebulo. Inalira ngati mwala.

"Alamu," anatero, "nyanja yanuyo ndi yozizira chonchi?"