Jeke ndi yonyamulira chabe

Pa Kamuzu Road m'mawa uno Land Cruiser ili m'mwamba pa jeke imodzi, makaniko wagona kunsi akumasula, pambali asanja njerwa zitatu. Abale, tisamatero. Jeke ya botolo ikayamba kuchucha oilo imatsika yokha, ndipo jeke yayitali ija ya hi-lift imapendekeka galimoto ikangogwedezeka pang'ono. Njerwa nazo sizichenjeza, zimangophwanyika.

Galimoto yotere imaposa matani 2, koma gulani masitandi (zitsulo zokhazikapo galimoto mukainyamula ndi jeke) a matani 6. Nambala yolembedwayo nthawi zambiri imawerengera awiri pamodzi, komanso a matani 3 amafupika pa galimoto yayitali chonchi. Sankhani a miyendo yotakata, okhala ndi pini yokhomera. Owotcherera mwachinyengo asiyeni ngakhale atchipe. Muwaike pa chasisi kapena pa ekiselo, osati pa bodi.

Mchenga wathu wa ku Senga Bay umamiza zinthu, ndiye yalani thabwa lochindikala kunsi kwa jeke ndi sitandi iliyonse. Handibuleki imagwira matayala akumbuyo okha, choncho ikani giya, pingani matayala otsala kutsogolo ndi kumbuyo, lomwe mwachotsalo muligoneke kunsi kwa chasisi. Musanalowe, yambani mwaigwedeza mwamphamvu galimotoyo.