Baluni yosaphulika ndi mvula ya ku Lusaka

Tsopano mtima wakhala pansi. Nkhani ya El Niño yandivutitsa kuyambira chaka choyamba, ndipo ndinafika pongoiloweza basi: madzi a nyanja ya Pacific akatentha, kumwera kwa Africa kumagwa chilala. Pa mayeso ndinkalemba momwemo, mamakisi n'kubwera, koma mumtima funso silinkachoka. Madzi angotentha ndi digiri 1 kapena 2, komanso kutali kuseri kwa dziko, nanga chimanga cha ku Chongwe chiuma bwanji? Digiri 1 munthu suimva n'komwe pakhungu. Ndinkaona ngati pali chinachake chachikulu chimene anzanga onse akuchidziwa koma ine ndekha ndinachiphonya.

Za ITCZ (mzere wa mitambo ya mvula umene umapangika pamene mphepo za kumpoto ndi za kumwera zimakumana) ndi mpweya wonyowa wochokera ku Congo sindibwereza pano, tonse tinazijambula mokwanira ku sekondale. Ndikufuna kunena chinthu chimodzi chokha chimene chinanditsegula maso, ndipo sindinachipeze m'kalasi.

Pa holide yapitayi ndinapita kwa amalume ku Dar es Salaam, pa sitima ya TAZARA kuchokera ku Kapiri Mposhi, mtunda wa makilomita 1,860 uja. Msuweni wanga amagwira ntchito yodzipereka pa kamalo kena kophunzitsa za nyanja m'mbali mwa gombe, ndipo ananditenga kuti ndizikathandiza. Ntchito ya odzipereka kumeneko si yapamwamba. Umalandira ana asukulu, umawayendetsa pamiyala madzi akaphwa kuti aone nkhanu ndi tizamoyo totsalira m'tizithaphwi, umawaletsa kutola chilichonse kupita nacho kunyumba. Masiku ena mumatola zinyalala pagombe, ndipo chilichonse mwatola mumachiwerenga n'kulemba pa fomu: zitsekerero za mabotolo zingati, majumbo angati, zidutswa za ukonde zingati. Masiku ena mumalowa m'matope kubzala mitengo ya mangrove pamodzi ndi amayi a m'mudzimo. Ine kawirikawiri ndinkapatsidwa ya kutunga madzi ndi kukonza tebulo la zoyesera, chifukwa Chiswahili changa n'chopereŵera.

Pa tebulo limenelo panali mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, amene amabwera kudzathandiza osalandira kanthu. Anatenga mabaluni awiri. Ina anaiuzira mpweya wokha, inayo anathiramo madzi pang'ono kenako n'kuiuzira. Anayatsa kandulo. Ya mpweya ija atangoiyandikizitsa pa lawi, phuu, ana onse kudzidzimuka n'kuseka. Kenako anatenga ya madzi ija n'kuiika pa lawi penipeni, moto ukunyambita pansi pake. Ana anatseka makutu, enanso kubisala kumbuyo kwa anzawo. Baluni ili chete. Anaisiya pamenepo mpaka pansi pake panada ndi mwaye, ndiye anaichotsa n'kundipatsa kuti ndigwire. Mwayewo unandidetsa chala, koma mphirayo inali yofunda pang'ono chabe. Moto wonse uja unali utalowa m'madzi, ndipo madziwo anali asanasinthe kwenikweni.

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kuti funso langa lija linali ndi yankho losavuta. Madzi amameza kutentha kochuluka kwambiri asanakwere ndi digiri 1. Kuti kilogalamu ya madzi itenthe ndi digiri 1 pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi ka 4 kuposa ya kilogalamu ya mpweya, ndiye muganizirenso kulemera kwa madzi poyerekeza ndi mpweya. N'chifukwa chake mamita pafupifupi 3 okha a pamwamba pa nyanja zamchere amatha kusunga kutentha kofanana ndi mpweya wonse wozungulira dziko lapansi. Nambala imeneyi ndinaiwerengapo kale, koma inangodutsa. Ndi baluni ili m'manja inakhala ndi tanthauzo. Akamati madzi a pakati pa Pacific akwera ndi digiri 2, sakunena kanthu kakang'ono. Akunena kutentha kosaneneka komwe kwaunjikana pa dera lalitali makilomita masauzande, ndipo sikutha mawa kapena mkuja, kumatuluka pang'onopang'ono kwa miyezi, kumatenthetsa mpweya wa pamwamba pake ndi kuudzaza nthunzi tsiku ndi tsiku.

Chondiwawa n'choti umboni wake unali pakhomo pathu pomwe. Mwezi wa October malata amatentha masana moti sungawagwire, koma pofika pakati pa usiku azizira. Madzi a mu dramu la panja masana samatentha msanga, koma ukakasamba usiku umawapeza akadali ofunda. Mtunda uli ngati malata aja, nyanja ili ngati dramu lija. Ndakhala ndikusamba madzi amenewo moyo wanga wonse.

Mayi aja anali ndi choyesera china. Beseni lalitali la pulasitiki loonekera mkati, madzi ozizira othira utoto wabuluu pansi, madzi ofunda ofiira atathiridwa mosamala pamwamba, ndi kafani ka m'manja. Akapemerera kuchokera mbali imodzi, madzi ofiira aja amathamangira kukaunjikana mbali inayo, ndipo kumene kukuchokera mphepo abuluu amatumphukira pamwamba. Ndi mmene Pacific imakhalira chaka chabwinobwino. Mphepo imakankhira madzi ofunda kumadzulo, cha ku Indonesia, moti nyanja kumeneko imakhala yokwera ndi pafupifupi theka la mita kuposa ku South America, pomwe ku Peru kumatumphuka madzi ozizira odzaza chakudya cha nsomba. Akazimitsa fani, ofiira aja amabwerera n'kuphimba beseni lonse. El Niño ndi imeneyo. Mphepo yafooka, madzi ofunda asuntha.

Ndiye apa ndi pamene ziwirizi zimakumana, ndipo ndakhala ndikuzibwereza m'mutu pa minibasi ponse. Pamene pali madzi ofunda, mpweya umakwera, mitambo imapangika, mvula imagwa. Koma mpweya wokwera uyenera kukatsikira kwina, ndipo kumene ukutsika mitambo imavutika kukula. Madzi ofunda akasuntha, malo okwerera mpweya amasuntha, malo otsikira nawonso amasuntha. Chaka cha El Niño, kumwera kwa Africa kuno nthawi zambiri kumapezeka pansi pa mpweya wotsika, ndipo mizere ya mitambo imene imatibweretsera mvula imakonda kupatukira kum'mawa, cha ku Madagascar ndi pamwamba pa Indian Ocean. Sikuti mvula yatha padziko. Yangokagwa kwina. Ndipo chimene chimachititsa kuti zisakonzeke pa sabata imodzi ndi chija cha baluni: madzi akasunga kutentha sakutaya msanga, ndiye kusokonekerako kumatenga nyengo yonse ya dzinja.

Tonse tikukumbukira 2024. January ndi February kumwamba kunali mbee, chimanga chikufota pa nthawi yeniyeni yotulutsa ngaiyaye. Pa 29 February a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a chimanga atawonongeka. Kenako madzi a mu damu la Kariba, kumene timapangira magetsi, anatsika, malaiti kumazima mpaka maola 21 pa tsiku miyezi ina, malasha kukwera mtengo, ife kumawerenga ndi tochi ya pafoni mpaka batire kutha. Nthawi imeneyo ndinkadziwa dzina la chimene chikuchitika, koma osadziwa njira yake. Lero ndikutha kuitsata ndi chala kuchokera pa madzi a Pacific, kudutsa mumlengalenga, kufika kumunda, kufika ku Zambezi, mpaka pa swichi ya m'chipinda mwanga. Dziko lathu lilibe gombe, koma nyanja yamchere imalamulira ngati tidya nsima ya chimanga chathu kapena chogula kunja.

Ine pano ndakhulupirira kuti palibe njira ina yophunzitsira zimenezi yoposa kuyesa ndi manja. Palibe. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanalamula kuti sukulu iliyonse m'Zambia muno ikhale ndi paketi ya mabaluni, kandulo ndi beseni, ndipo mwana asaone chithunzi chilichonse cha mivi yozungulira asanagwire baluni yofunda ija. Anzanga ena amati zoyesera zimangosangalatsa ana, sayansi yeniyeni ili mu masamu. Masamuwo ndinali nawo, ndipo sanandithandize mpaka tsiku limene chala changa chinada ndi mwaye. Nditabwerako ndinayamba kukumana ndi ana a ku Mtendere, komboni ya mu Lusaka, Loweruka masana, kuseri kwa tchalitchi chathu, ine ndi anzanga a m'kalasi amene anavomera kudzipereka. Ambiri mwa anawo sanaonepo ngakhale Kariba. Baluni itakana kuphulika, kamtsikana kena ka Grade 6 kanati, "Asisi, ndiye kuti moto wabisala m'madzimo?" Ndinangoti eya. Buku langa limatenga masamba angapo kunena zomwezo.

Ndipo apa ndiye pamandipweteka. Aphunzitsi athu si anthu osadziwa, ena anaphunzira kutali kwambiri. Koma El Niño tinaiphunzira pa ola limodzi, zithunzi zikuthamanga pa khoma, ife tikujambula ndi mafoni chifukwa kulemba sikukanatheka. Tinauzidwa kuti Gilbert Walker anaona kusinthana kwa mpweya pakati pa mbali ziwiri za Pacific m'zaka za m'ma 1920, kuti Jacob Bjerknes anazilumikiza ndi kutentha kwa madzi mu 1969, ndipo mayina ndi zaka zimenezi zinabweradi pa mayeso. Wina atakweza mkono kufunsa chifukwa chake madzi akutali amakhudza ife, yankho linali lakuti tikawerenge, silabasi ndi yaitali. Ndikumvetsa kuti nthawi imachepa, kuti kalasi ndi yodzaza, kuti tsiku lina malaiti akazima phunziro limafera pomwepo. Koma baluni imatenga mphindi 5. Mayi wopuma ntchito, wosalipidwa, wolankhula chinenero chimene ndimangomva mwa apo ndi apo, anakwanitsa pa tebulo lamatabwa. Ifenso ophunzira tilibe nthawi, n'zoona. Semesita ikayamba ndi ma assignment okhaokha, ndipo gulu la Loweruka lija layamba kale kuchepa anthu chifukwa mayeso ayandikira. Sindikuwadzudzula, nanenso ndikuona kuti mwezi wamawa zindivuta.

Mafomu a zinyalala aja ndinabwera nawonso. Tinayesa kutola m'ngalande ina pafupi ndi msika n'kumawerenga ngati mmene amachitira kugombe, ndipo ndinawauza ana kuti madzi a mbali ina ya Lusaka amapita mu Ngwerere, Ngwerere amathira mu Chongwe, Chongwe mu Zambezi, Zambezi mu Indian Ocean ku Mozambique. Zinawasangalatsa, koma osati ngati baluni.

Komabe pali pamene beseni langa limathera. Chilala cha 1991/92 ndi cha 2015/16 chimagwirizana bwino ndi zimene ndafotokozazi. Koma El Niño ya 1997/98 inali imodzi mwa zamphamvu kwambiri zimene zinayezedwapo, anthu kumwera kwa Africa anakonzekera chilala choopsa, ndipo sichinabwere monga ankayembekezera. Kumapeto kwa 2023, El Niño yomweyo imene inatiumitsa ife, ku Kenya ndi Somalia kunali madzi osefukira. Ngakhale m'Zambia momwemu, kumpoto sikuvutika mofanana ndi kumwera. Mabuku amati Indian Ocean ili ndi kusinthasintha kwakekwake pakati pa madzi a kumadzulo ndi a kum'mawa, komanso pali mpweya wozungulira cha ku Angola umene ukakhala wamphamvu umakokera chinyezi kuno ngakhale Pacific itatentha. Ndayesa kuganiza mmene ndingaikire mabeseni awiri pamodzi kuti ndione ziwirizi zikulimbana, koma fani imodzi siikwanira, ndipo mpweya wokwera ndi wotsika suoneka mu beseni. Mnyamata wina Loweruka lapitali anandifunsa ngati chaka chino agogo ake a ku Petauke abzale msanga kapena adikire. Ndinamuuza kuti azimvera zolosera za a zanyengo pa wailesi. Mwina gawo limeneli ndi la masamu aja ndithu, mwina pali choyesera china chimene sindinachione. Pakadali pano mutu wa Indian Ocean Dipole, kusinthasintha kwa madzi a Indian Ocean kuja, ndauwerenga mobwereza ndipo sunalowe.