Chinanazi chimene tinkataya pamsewu, lero chili m'mapaketi

Lachisanu lapitali ndinakatenga chiphaso cha kopaletivi yathu youmitsa zinanazi ku bungwe loona za ubwino wa katundu la MBS ku Blantyre. Ndinachikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuchibisa mkati mwa bulauzi ngati ndalama za fizi, ndipo m'minibasi yonse kuchokera ku Limbe mpaka pa Chitakale sindinacheze ndi munthu. Nditatsika ndinapeza amayi anzanga akundidikira ndi nthungululu, anthu mpaka kumafunsana ngati kuli chinkhoswe. Ndiye ndati ndilembeko mbiri yathu, chifukwa ambiri mumangoona paketi ya chinanazi chouma, simudziwa matope amene tapondamo.

Ine ndine mwana wa m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kwa Mfumu Yaikulu Mabuka. Mayi anga anakalambira kuthyola tiyi kuesiteti, bambo ankalima zinanazi kumtunda. Amene munakulira kuno mukudziwa mmene zimakhalira Disembala ndi Januwale. Chinanazi chimapsa tsiku limodzi ngati chapangana. Aliyense watsika nacho padengu, mavenda a ku Limbe afika, mtengo atchula okha, ndipo ukakana amangosuntha phazi limodzi kupita kwa mnzako. Chotsala chimaolera m'mbali mwa msewu, njuchi zili ng'waa. Akuluakulu amatiuza za masiku a fakitale ya ADMARC yoika zipatso m'zitini pa Mulanje pompano, koma ife tinakula tikungomva nthano.

Mu 2017 ndinatenga kangongole kubanki m'khonde n'kuyamba kufinya juwisi kukhitchini kwanga. Tsiku lachiwiri mabotolo anali atafufuma, lachitatu juwisi anasanduka masese. Ndinayesa kuyanika pamphasa, osaganiza kuti chinanazi chimapsa nthawi ya mvula, ndipo kuno kumapiri dzuwa silikhala lodalirika. Zonse zinachita nkhungu. Amuna anga anangoti, "Amayi a mwana, bwanji osangogulitsa mandasi ngati anzanu?" Sindinawayankhe.

Zinthu zinatembenukira pamsonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu, mu 2019. Tsiku limenelo alangizi a zaulimi anabwera ndi bambo wina woona za malonda kukhonsolo. Bamboyo anakamba za ndondomeko ya OVOP, imene boma linayambitsa mu 2003 potengera nzeru za ku Japan, yakuti dera lililonse litukule chinthu chimene lili nacho kale. Kenako anafunsa kuti, "Inu kuno chanu n'chiyani?" Anthu anaseka, chifukwa tonse tinali titakhalira makoko a zinanazi. Nditawauza za masese anga aja sanaseke. Anandiuza mosabisa kuti boma silipereka makina kwa munthu mmodzi, koma tikakhala kopaletivi yolembetsedwa, yokhala ndi malamulo ndi buku la kubanki, nkhani yathu ikhoza kukwera.

Kukwera kwake ndiye kumafuna mtima. Nkhani imayambira kukomiti ya m'mudzi, ipite kukomiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, khansala ainyamule kukafika nayo kumsonkhano wa khonsolo, kenako ilowe m'mapulani a chitukuko cha boma lonse. Tinayamba anthu 31. Ena ankabwerera zoziziritsa kukhosi za pamsonkhano, ataona kuti palibe alawansi anasowa okha. Tinatsala 18, amayi 14 ndi abambo anayi.

Chovuta kwambiri chinali malo. Ku Mulanje ndi ku Thyolo dothi ndi golide, mbali yaikulu yabwino ili pansi pa tiyi, ndipo kamunda kalikonse kali ndi mbumba yake. Amuna anga ndi akamwini, analibe poloza. A gulupu ndi amene anaitana eni mbumba, anakambirana masabata atatu, mpaka anatipatsa pamene panali chigayo chakale pafupi ndi mtsinje. Anadinda kalata, a khansala anasainira, a kukhonsolo anabwera kudzayeza. Pempho lathu litavomerezedwa kuthumba la boma lothandiza makopaletivi, anatiuza kuti nafenso tisonkhe gawo lathu. Tinaumba njerwa, tinatuta mchenga pamutu, ena anagulitsa mbuzi. Makina oumitsira anafika mu 2021.

Chaka chomwecho, mu Januwale, boma linakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, ndipo imodzi mwa nsanamira zake zitatu ndi mafakitale. Luchenza wathuyu ali m'gulu la matauni amene akufuna kuwakuza. Anthu akamva mawu akuti fakitale amaganiza za michumuni ya ku Makata kapena ku Kanengo. Ine ndimati pepala la ku Lilongwe silimera miyendo lokha. Likapanda kupeza mfumu yopereka malo, khansala woyenda wapansi ndi mlangizi wodziwa khomo lako, limangokhala m'kabati. Ife tinaona miyendo yake ndi maso.

Chaka cha 2022 tinavutika ndi kuzimazima kwa magetsi namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Chinanazi chikazimiridwa chili pakati pouma ndiye kuti chapita. Tinkadzuka pakati pa usiku kukayatsa makina magetsi akayaka. Tinkayesa kuti mavuto ndi amenewo.

Kenako Marichi 2023, Freddy.

Mvula inagwa masiku angapo osapumira. Usiku wina tinamva phiri likulira ngati magalimoto akuluakulu ambirimbiri akutsika pamodzi, agogo n'kunena kuti Napolo wadzuka. Kutacha, mtsinje umene tinkawoloka ndi miyala yopondapo unali utasamuka njira, ukugubuduza miyala yaikulu ngati nyumba. Khoma la kumbuyo kwa fakitale linapita. Makina athu anakwiririka m'matope mpaka pachitseko. Makatoni onse amene tinasunga nyengo imeneyo, thukuta la miyezi itatu, sitinapezeko ndi paketi imodzi yomwe. Mamembala asanu nyumba zawo zinagwa, anakagona kusukulu. Mayi wina amene ankasunga chuma cha gulu lathu, munthu wosataya ndi tambala yomwe, sitinamuonenso mpaka lero. M'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, koma kwa ife nambala imeneyo ili ndi nkhope, ili ndi mpango wobiriwira umene ankakonda kuvala pokhapa zinanazi. Buku lake la ndalama tinalipeza patadutsa sabata, litakodwa m'nthochi, masamba atamatirirana.

Tisanapukute n'komwe misozi, bambo wina amene tinakongolako ndalama zogulira zinanazi anafika ndi njinga yamoto kudzafunsa chiwongoladzanja chake. Anayang'ana matopewo, n'kufunsa ngati kamakina komatira mapaketi kanapulumuka kuti atenge ngati chikole. Sinditchula dzina, akudzidziwa. Tinamubweza zonse mpaka tambala yomaliza, ndipo masiku ano akatiimbira foni kuti "amayi, mpamba ulipo" timangoti zikomo. Winanso ndi bambo wogulitsa mapaketi mumzinda, amene analandira ndalama zathu mu Okutobala, n'kukhala chete, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 n'kutiuza kuti tiwonjezere. Bambo, katundu tinalipira kale amakwera bwanji mtengo ali m'sitolo mwanu?

Ndinafuna kusiya, ndisaname. Amene anakana ndi a gulupu. Anaimba belu, anyamata a m'mudzi anabwera ndi makasu n'kufukula makina aja masiku awiri. Bambo wa zamalonda uja anafika wapansi, mlatho utaduka, nsapato zili m'manja, kudzalemba zimene zawonongeka. Lipoti lake ndi limene linatitsegulira khomo kwa bwanamkubwa. Anjiniya a kukhonsolo anatiletsa kumanganso pafupi ndi mtsinje, mafumu anatipezera malo ena pokwera, ndipo mmisiri wina wa ku Luchenza anamasula mota yonse, kuitsuka, kuikulunganso mawaya, n'kutiuza kuti tidzalipira tikadzakolola.

A MBS atabwera koyamba tinalephera, ndipo anali ndi chifukwa. Pansi panali simenti yosweka, mawindo analibe sefa wotchinga ntchentche, posambira m'manja panalibe, ndipo ena mwa ife tinalibe makalata a kuchipatala. Tinakonza chimodzichimodzi. Lero paketi iliyonse ili ndi tsiku lopangidwa, tsiku lothera ntchito ndi nambala yoti tikhoza kulondola kuti chinanazicho chinachokera m'munda mwa yani.

Ndithokoze Mulungu poyamba. Ndithokoze a gulupu ndi nyakwawa zawo zonse, ndi eni mbumba amene anapereka dothi kawiri konse. Zikomo a khansala, amene nsapato zanu zinathera nkhani yathu. Zikomo abwana a zamalonda, alangizi athu, a zaumoyo amene munatiphunzitsa ukhondo mosatinyoza, ndi a ofesi ya bwanamkubwa. Zikomo amayi a banki m'khonde, amene munandikhulupirira ndikupanga masese. Anyamata a kabaza amene mumatsika ndi madengu m'njira zoterera, alimi oposa 60 amene mumatipatsa zinanazi, a kwaya ya kumpingo kwathu amene munadzatiphikira pa nthawi yomanga, nonse Ambuye akudalitseni. Amuna anga, amene lero ndi amene amadzuka usiku kukayang'ana makina, za mandasi zija ndinakhululuka. Ndi ana a malemu msungichuma wathu, fakitale iyi ndi yanunso.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, lawani. Tili ndi chinanazi chouma m'mapaketi a magalamu 50 ndi 100, chopanda shuga wowonjezera kapena utoto, kukoma kwake ndi kwa m'munda. Mwana akapita nacho kusukulu sichimudetsa yunifolomu, ndipo chimakhala miyezi osawonongeka. Tilinso ndi jamu wa chinanazi wopaka pabuledi. Mutipeza pa Chitakale ndi pa Boma, komanso pa Likhubula kwa inu okwera phiri, chifukwa paulendo wa ku Sapitwa paketi imapepuka kuposa chinanazi chathunthu. Mu Okutobala tidzakhala pa Chonde nthawi ya Mulhako wa Alhomwe. A masitolo, malo ogona alendo ndi masukulu a ku Blantyre, Thyolo ndi Zomba, timatumiza pakatoni, ndipo woyamba kuoda timamupatsa zolawa.

Alimi, timagula Lolemba ndi Lachinayi m'mawa, pasikelo, osati poyang'ana ndi maso, ndalama pompopompo. Bweretsani chakupsa bwino koma chosafinyika, ndipo musachiponye m'thumba, chiikeni m'dengu.