Kakhadi ka magazi kaume kaye

Zotsatira za mwana wathu zabwera: ndi matenda a Gaucher. Ndalira, koma mtima wakhalako pansi chifukwa matendawa apezeka dzina. Ndikulembera inu amene mwana wanu watupa kapamba, magazi amangochepa, pomwe malungo ndi sickle cell anayezedwa koma sizinapezeke.

Adokotala a ana anatifotokozera kuti m'maselo muli tizigawo totchedwa lysosome tomwe timaphwanya zotsalira za m'thupi. Mwana wathu ali ndi enzyme yochepa yotchedwa glucocerebrosidase, yomwe imagwira ntchito yophwanya mafuta ena m'tizigawoti, choncho mafutawo amaunjikana m'kapamba, m'chiwindi ndi m'mafupa. Poyeza amadontheza magazi pa kakhadi ka pepala kotchedwa DBS, kofanana ndi kamene amayezera HIV mwa makanda. Kathu kanatumizidwa ku South Africa.

Apa ndi pamene panandiwawa. Kakhadiko kamafunika kaume maola 3 kapena 4 pamthunzi, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto, kenako kalowe m'kajumbo pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Kutentha ndi chinyezi zimaononga enzyme ija. Nanga chinyezi cha kuno ku Mzuzu simukuchidziwa, chovala chimagona pachingwe osauma? Kathu anakatsekera kakadali konyowa chifukwa anthu amafulumira kuweruka. Ku labotale ya kunjako anakakana, ndipo kalata yake inangogonekedwa mu ofesi ina popanda wotiimbira foni. Ine ndimachokera ku Mchengautuwa ndi mwana kumbuyo, n'kumangouzidwa kuti, "Mayi, sizinabwere, mubwerenso." Ndalama yotumizira tinalipira kachiwiri. Wopepesa panalibe.

Ndiye chonde, musachoke musanaone ndi maso anu kuti kauma. Afunseni otenga magaziwo mwaulemu, koma afunseni ndithu.

Ndisanaiwale, zisanafike zonsezi muwauze adokotala ngati mwana anamuwonjezera magazi posachedwa, chifukwa magazi a munthu wina angathe kubisa vutolo. Bukhu la kuchipatala muzilinyamula, ngakhale lakale lodzadza lija.

Kakhadi kamangosonyeza njira. Enzyme ikapezeka yochepa amayezanso jini (chotengera kwa makolo) yotchedwa GBA kuti atsimikize, ndipo ife tinadikiranso pamenepo. Ana ena omwe akuganiziridwa matenda apachibale ndi awa, otchedwa MPS, amawayeza mkodzo poyamba, ndiye musadabwe njira yanu ikasiyana ndi yathu.

Apongozi anga ankati vutoli ndi la kuchikazi. Ndinawapempha bambo a mwana kuti tikalowe limodzi kwa adokotala, akamve okha: mwana amatenga jini yolakwikayi kwa makolo onse awiri, ndipo pa mimba iliyonse mpata woti adwale ndi umodzi mwa 4. Si ufiti, si mlandu wa mayi.

Lembani dzina ndi nambala ya amene watumiza kakhadi, tsiku lomwe katumizidwa, ndipo mujambule fomu ndi lisiti pafoni. Pakatha milungu ingapo muli zii, imbani nokha. Ndipo kakhadi kaja kaume kaye.