Musanagule rauta yatsopano kuno ku Dedza

Ogulitsa zipangizo za intaneti akhala akutinyengerera kuti tisiye marauta athu akale n'kugula a Wi-Fi 6, amene anayamba kufala m'chaka cha 2019, kapena a Wi-Fi 7, amene anavomerezedwa mu 2024. Ine ndikuona kuti mabanja ambiri a pa boma la Dedza angangotayapo ndalama.

Rauta imangogawa intaneti imene yalandira kuchokera kunja. Nyumba zambiri kuno zimadalira SIM kadi yoikidwa mu rauta ya 4G kapena MiFi (karauta kakang'ono konyamula m'manja), ndipo liwiro limene limafika m'nyumba limatengera kutalika kwa mlongoti wa netiweki, mapiri amene atchinga pakati, ndiponso kuchuluka kwa anthu amene akugwiritsa ntchito mlongoti womwewo madzulo. Ngati m'nyumba mukulowa 10 Mbps, ngakhale Wi-Fi 4 ya m'chaka cha 2009 imatha kunyamula liwiro limeneli mosavuta, choncho rauta yamakono siingawonjezere kanthu. Kukulitsa paipi ya m'nyumba sikuchulukitsa madzi pamene pampopi akungodontha.

Palinso nkhani ya makoma. Marauta atsopano amathamanga kwambiri akamagwiritsa ntchito mafunde a 5 GHz, koma mafunde amenewa amafooka msanga akakumana ndi khoma la njerwa zootcha lopaka simenti, pamene a 2.4 GHz, ngakhale ndi ochedwerapo, amafika mpaka kuchipinda chakumapeto. Komanso foni imene ilibe Wi-Fi 6 imalumikizana ndi rauta yatsopanoyo mwa njira yakale yomwe ija. Zimandimvetsa chisoni ndikalowa m'nyumba n'kupeza rauta itatsekeredwa m'kabati pansi pa TV, mwini wake akudandaula kuti intaneti ikukoka, pamene akanangoiika pamwamba pafupi ndi zenera loyang'ana kumlongoti zinthu zikanasintha popanda kulipira ngakhale tambala.

Sindikunena kuti zipangizo zatsopanozi n'zopanda ntchito. Mwini loji wa m'mbali mwa msewu wa M1 amene anaika Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, yomwe inafika m'dziko muno mu 2023, ndipo alendo ake onse amatsegula mafoni nthawi imodzi, adzapinduladi ndi Wi-Fi 6, chifukwa inapangidwa kuti izitumikira zipangizo zambiri pakamodzi.

Kwa ife enafe, ndalamayo ndi bwino igule batire kapena kasola koyatsira rauta magetsi akazima, yotsalayo ipite ku bandulo, popeza liwiro likakwera YouTube imadzisankhira yokha zithunzi zowala kwambiri ndipo bandulo ya mwezi imatha mwezi usanathe.